Kaseti ya m'jekete la bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene magetsi analowa m'nyumba mwathu ku Kawale. Mayi anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo tinatsala awiri, ine ndi bambo, omwe ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina kumsika.

Magetsi asanabwere, wailesi yathu ya kaseti inkayendera mabatire, choncho inkakhala m'kabati. Inkatuluka nthawi ya nkhani basi, komanso Lamlungu masana, pamene bambo ankadzitsekera nayo kuchipinda n'kumamvera kaseti ina motsitsa kwambiri. Sindinafunsepo kuti munali chiyani.

Magetsi atabwera, wailesi ija inakhazikika patebulo tsiku lonse. Anzanga akusukulu anandiphunzitsa kujambula nyimbo za pawailesi: kudikira muulutsi asiye kulankhula, kenako kudina mabatani awiri nthawi imodzi. Makaseti anga awiri sanachedwe kudzaza. Loweruka lina m'mawa, muulutsi analengeza nyimbo imene ndinaidikira sabata yonse. Ndinathamangira kuchipinda kwa bambo, ndinapisa m'thumba la jekete lawo, ndipo ndinapezamo kaseti yosalembedwa kanthu. Sindinayambe ndaimvera. Ndinajambula nyimbo ija, ndi ina, ndi inanso, kenako n'kuibwezera m'thumba muja.

Mawa lake masana, kuchipinda kuja kunaphulika magitala ovinira, kenako kunangoti zii. Bambo anatuluka kaseti ili m'manja.

"Tiyamike, wagwira iyi ndiwe?"

Ndinavomera.

"Umu munali mayi ako. Ankaimba akuchapa, ine n'kuwajambula."

Sanandimenye. Anangokhala pampando n'kumayang'ana pansi mpaka dzuwa kupendeka. Mawu a mayi ndinali nditayamba kale kuwaiwala, ndipo tsopano ndinawafufuta ndisanawamve n'komwe.

Lolemba sindinapite kusukulu. Ndinatenga kaseti ija n'kuthamangira kwa a Jafali, okonza mawailesi kuseri kwa msika. M'kashopu kawo munkanunkha mtovu wosungunuka ndi fumbi.

"Abambo, chotsani nyimbo zapamwambazi, zibwerere zapansi," ndinatero ndikupuma wefuwefu.

"Mwana wanga, tepi si khoma loti tingapale penti. Chatsopano chikalowa, chakale chapita."

Ndinagwada pansi pomwepo. Ndinavula nsapato zanga zakusukulu n'kuwapatsa, ndikulira kuti angoyesako. Anandiuza kuti ndivale nsapato, kenako anaika kaseti mu wailesi yawo. Tinamvera nyimbo zanga zonse, iliyonse ikundinyansa kuposa inzake. Chakumapeto kwenikweni kwa tepi kunamveka madzi akukhavuka m'beseni, mawu a munthu akumaliza nyimbo, kenako kuseka.

"Mwajambula? Zimitsani inu, mukutha mabatire."

Anali mayi. Zomwe zinatsala zinali zokhazo. A Jafali anandibwezerera kanayi, kachisanu anakana poopa kuti tepi ingaduke.

Madzulo bambo ataweruka, ndinawamveretsa. Kenako ndinawachonderera: "Ababa, imbani inuyo nyimbo ya amayi, ndikujambuleni pa kaseti yanga." Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti zikatero ndakonza chimene ndinawononga. Anakana kawiri, kenako anasendera pafupi ndi wailesi. Ndinadina mabatani aja. Anaimba mzere woyamba, n'kuima. Anayambiranso, n'kuimanso pamalo omwewo.

"Sindikuidziwa," anatero motsitsa. "Zaka ziwiri zonsezi ndimangomvera mawu awo. Nyimboyo sindimaimvera."

Tepi inapitiriza kuzungulira, ikujambula anthu awiri ali chete. Sabata imeneyo ndinazungulira kwa amayi onse amene ankapemphera ndi mayi anga, ndikuwaimbira mzere umodzi uja. Palibe anaizindikira. Mmodzi anati mwina inali ya kumudzi kwawo ku Dedza, wina anati mwina anangoipeka okha.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti chimene ndinaphunzira n'kusagwira zinthu za eni. Pano ndikuona kuti tonse awiri, ine ndi bambo, tinasiyira makina ntchito yathu yokumbukira, ndipo chala cha mwana chinakwanira kuthetsa zonse. Lero foni yanga ili ndi nyimbo zosawerengeka, ndipo ana anga amajambula chilichonse. Koma munthu amene ndimamukonda akayamba kuimba, foni ndimaisiya m'thumba. Ndimakhala naye pafupi, ndimamufunsa mawu a nyimboyo, n'kumaimba naye mpaka nyimboyo itandilowa.