Masikono osweka a Matayala

Mayi Sikono anayamba kuphika zamuuvuni ali mtsikana, moti dzina lawo lenileni anthu a mumsewu wawo analiiwala kalekale. Khitchini yawo ndi kachipinda kopanikiza, koti mukalowamo awiri wina ayenera kukoka mimba. Muli uvuni wa chitseko chomangirira ndi waya, shelefu ya zitini, ndi tebulo lomwe pakati pake panalowa chifukwa chokandirapo fulawa. Kalendala alibe nayo ntchito. Mwezi amaudziwira pa zimene zachuluka pamsika. Maungu akabwera ndi buledi wa maungu, mphepo ikayamba kuluma makutu ndi masikono a jinja, malalanje akapsa ndi keke ya malalanje. Batala ankathira ndi mtima wonse, ndipo ankanena kuti anzawo ophika mopimira pa kasupuni ndi olumala manja.

Mwamuna wawo anali dalaivala wa basi yonyamula antchito a kampani ina. Anzake ankamutcha Matayala, ndipo musaganize kuti chinali chifukwa cha basi ayi. Mkulu uja mimba inkafika pachiwongolero mwiniwake asanakhale. Pakhomo ntchito yake inali imodzi yokha: m'mawa popita kudepoti, kunyamula zitini za masikono n'kukazisiya kwa mayi wogulitsa tiyi pakona ya msewu waukulu. Panali lamulo lakale, loikidwa atangokwatirana kumene chikondi chikadali chamoto, lakuti chosweka panjira n'cha wonyamula. Mayi wa tiyi salandira zosweka, kubwerera nazo kunyumba n'kutaya nthawi, ndiye adye amene wasenza. Zaka zonsezo zinkasweka mwa apo ndi apo, palibe amene ankadandaula.

Ndiye kampani inabweretsa dokotala woyeza madalaivala. Matayala atakwera pasikelo, muvi unathamanga ngati waona njoka. Magazi akuthamanga, shuga ali pakhomo. Adokotala sanazungulire. Anati nyengo yozizira ikamatha adzamuyezanso, ndipo ngati thupi silitsika asiye chiwongolero, chifukwa munthu wotero angathe kukomoka ali ndi anthu mbwee m'basi.

Anabwera kunyumba nkhope ili yakugwa, nakhala pa kampando ka m'khitchini kamene kanalira pomulandira.

"Mayi, ndithandizeni," anatero. "Ntchito iyi ikatha, msinkhu wanga uno andilemba ndani?"

Mayi Sikono chifundo chinawagwira. Kunena zoona, zakudya za anthu ofuna kuonda ankazinyoza kwabasi. Masamba owiritsa opanda dontho la mafuta ankati n'chakudya cha akaidi. Koma ntchito ya bambo ndiyo inkasunga denga pamutu pawo, masikono ankangothandizira. Anamanga lamba. Batala anamutsekera m'kabati, kiyi n'kumangirira pa epuloni. Nkhuku ankaisenda khungu, nsomba ankaiphika panthunzi, nyemba zopanda mafuta, buledi wa fulawa wabulawuni wouma ngati njerwa, tiyi wopanda shuga. Anaphunzira ngakhale kuphika keke yotsekemera ndi nthochi zokha, chinthu chimene poyamba akanachita nacho manyazi kuchitulutsa mu uvuni wawo. Ndipo kuti bambo asamve ngati akulangidwa yekha, nawonso ankadya zomwezo.

Abale inu, mukanamuona Matayala patebulo! Ankatafuna kabichi maso ali kudenga, akuusa moyo ngati wamasiye. Mlendo akabwera, nkhani inali yomweyo: "Ife masiku ano tili pa dayati, achimwene. Thupi limafuna mwambo." Anagula nsapato zothamangira zoyera mbee, zomwe ulendo wake wautali unali wokafika pageti. Pokwera sikelo ya kubafa ankayamba wavula wotchi, kenako n'kupuma mpweya wonse kunja, ngati kuti kulemera kwake kunali mphepo.

Amene anaonda ndi mayi. Madiresi anayamba kulendewera, mphete ikuvuka yokha pokanda fulawa. Bamboyo ayi ndithu, lamba ali pa bowo lomwe lija.

"Ndi mafupa, mayi. Kwathu ndife a mafupa olemera."

Nthawi yomweyo kunabuka vuto lina. Masikono anayamba kusweka. Tsiku ndi tsiku bambo ankabwera madzulo akupukusa mutu: "Lero aswekanso angapo. Kodi simukusintha kaphikidwe?" Mawu amenewo anawalasa mumtima Mayi Sikono. Munganene kuti ndi osauka, munganene kuti ndi osaphunzira, sakuyankhani. Koma masikono awo kufumbutuka? Anawonjezera dzira. Anasintha fulawa. Anayala nsalu m'zitini, anamangitsa chitseko cha uvuni ndi waya watsopano. Kuswekako kunangopitirira. Anafika poyang'ana manja awo n'kumadzifunsa ngati ukalamba wayambira kuzala. Ankachita manyazi moti ankalambalala pakona paja kuti asakumane ndi mayi wa tiyi.

M'mawa wina kukuzizira, bambo anaiwala chitini chimodzi patebulo. Mayi anavala juzi, nachinyamula, n'kumutsatira. Atafika pamalo a tiyi sanamuone kutsogolo. Anazungulira kuseri, kumene amasungira makala ndi makreti, ndipo anamupeza.

Matayala anali atakhala pa kreti, chitini chili pamaondo, chivindikiro pansi. Ankagwira ntchito mwaluso, mosapupuluma. Amayang'ana sikono lonenepa, lofiirira bwino pamwamba, n'kuikapo chala chachikulu, n'kukanikiza pang'onopang'ono mpaka tswa! Kenako amaliika pambali n'kusankha lina. Pafupi naye panali kapu yaikulu ya tiyi wamkaka, supuni itaima ndi shuga. Mimba ili phee pamaondo, masaya akuwala, nyenyeswa zili pa juzi yonse.

Mayi wa tiyi anatulukira ndi ketulo, nawaona Mayi Sikono ataima chilili.

"Ii, mayi, mwabwera nokha lero? Ine ndimayesa mumadziwa. Masikono anu sasweka, amafika athunthu ngati mazira. Bambowa ndi amene amawathandiza."

Matayala anatembenuka pakamwa pali todzaza. Anayesa kumeza, zinakana. Anakhosomola, nyenyeswa fwaa.

"Asweka, mayi," anatero atapeza mpweya.

"Ndachiona chala chimene chawaswa."

"Koma lamulo lija munaika ndinu. Chosweka n'cha wonyamula. Ine sindinabe."

Ha! Munthu wa imvi, wa zidzukulu, kutsutsa mlandu ngati loya atakhala pa kreti kuseri kwa nyumba ya eni! Mayi Sikono sanakalipe. Mkwiyo unalipo, koma chimene chinawakulira chinali kunyansidwa. Anakumbukira kabichi yense anadya pomuperekeza, ndi mmene anakayikira manja awo omwe. Anatola chivindikiro, natseka chitini chili pamaondo pakepo, n'kuchipereka kwa mayi wa tiyi. Kuyambira tsiku limenelo zitini ankanyamula okha, ndipo silinaswekenso ngakhale limodzi.

Koma madzi anali atafika kale m'khosi. Mphepo inali ikutha, malalanje akusowa pamsika. Matayala anayesa zake zomaliza: kumwa madzi otentha a mandimu, kuvala majuzi awiri masana kuti atuluke thukuta, kugona ndi njala dzulo lake la kuyezedwa. M'mawa anagwada pakhomo la khitchini, kugwada kwake kovuta kuja, dzanja lili pa feremu.

"Mundiperekeze, mayi. Mukawauze adokotala mmene ndimadyera pakhomo pano. Inu akakumverani."

Anamuperekeza. Mwamuna ndi mwamuna, ngakhale wotere. Anavala diresi lawo labwino lomwe tsopano linkawakhwepa m'mapewa, nakakhala pabenchi m'kachipinda ka kudepoti konunkha mankhwala ndi dizilo.

Matayala anavula nsapato, wotchi, lamba, mpaka cholembera cha m'thumba. Anakwera. Muvi unadutsa pamene unaima ulendo woyamba. Adokotala, bambo wotopa wa magalasi apamphuno, anamanga lamba woyezera magazi pamkono, napopa, nayang'ana, n'kuvula magalasi.

"Mwawonjezera. Kodi kunyumba mumadya chiyani?"

"Masamba, adokotala, nyemba, nsomba yanthunzi," Mayi Sikono anayankha. "Shuga pakhomo pathu samuona."

"Inu mumagwira ntchito yanji, mayi?"

Asanatsegule pakamwa, Matayala analumphira: "Amaphika makeke. Masikono, mabisiketi, zonse. Nyumba yonse imangonunkhira batala."

Adokotala anagwedeza mutu ngati apeza chimene ankafuna. Anawayang'ana mayi kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye inu mukudzisamala, mwachepa thupi bwinobwino, koma amuna anu mukuwadyetsa makeke? Mayi, munthu amaphedwa ndi mbale ya kunyumba kwake. Mukuwakumbira dzenje bambowa."

Mayi Sikono anatembenukira kwa mwamuna wawo. Sankafuna zambiri. Liwu limodzi lokha, lakuti ayi adokotala, si iwowa. Matayala anali akuyang'ana masokosi ake. Kenako anakweza mutu, nkhope yomvetsa chisoni ija ya patebulo, n'kunena motsitsa:

"Ndimawauza, adokotala."

Akanatha kuulula zonse, za kreti, za chala, za tiyi wamkaka. Mawu anafika pamilomo. Koma ntchito inali itapita kale, ndipo kuvula mwamuna wako pamaso pa mlendo n'kudzivula wekha. Anangopinda manja pachikwama, makutu akutentha, mpaka adokotala anamaliza kulemba n'kunena kuti kuyambira lero bambowa asagwirenso chiwongolero.

Anatuluka n'kukakhala pa kakhoma ka pageti. Posakhalitsa basi ija inatuluka m'depoti. Pachiwongolero panali munthu wina, mpando atausendezera kutsogolo. Anaimba hutala powapatsa moni, osadziwa kanthu. Matayala anaitsatira ndi maso mpaka inakhota, misozi ili lengelenge. Mayi anamuyang'ana chammbali, ndipo mtima wawo wopusawo unayambanso kufewa. Mwina tsopano wamva. Mwina apepesa.

Bamboyo anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, nasendera pafupi, maso ali pachikwama cha mayi.

"Mayi, m'menemo mulibe kanthu? Chidzukire sindinalawe kalikonse."

"Mulibe," anatero Mayi Sikono.

Anaimirira, nakung'untha diresi, n'kuyamba ulendo wa kunyumba osacheuka. Fulawa wa mawa anali asanasefedwe, ndipo tsopano pakhomo ponse pankayenera kudya kuchokera mu uvuni uja.