Makilo Awiri a Chitsulo

Linali Lachinayi, 10 koloko m'mawa, pamene ndinatsutsa abwana anga pamaso pa kasitomala. Ndinali nditagwira ntchito mwezi umodzi wokha.

Ntchitoyo anandipezera ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Mlongo wawo, ba Mwansa, anali ndi galaja ya njinga zamoto zing'onozing'ono ku Kabwata, ndipo ankafuna munthu wosesa ndi kutsuka zitsulo ndi palafini. Sanafunse za sukulu, mwayi wanga poti ndinalekeza giredi 5. Anandilolanso kubwera ndi mwana wanga Taonga kumbuyo. Kwina konse ankandibweza chifukwa cha iyeyo.

Ba Mwansa anadzipangira okha makina oyezera mphamvu ya injini. Tayala lakumbuyo linkakhala pa chipayipi chonenepa chozungulira pa mabeyaring'i. Chipayipicho chinali ndi buleki ya lamba, ndipo pabulekipo panali mkono wachitsulo wokoledwa ku sikelo yopachika. Injini ikakoka mwamphamvu, mkonowo unkakokera sikelo pansi. Iwo ankakhala panjinga n'kumapatsa moto, foni yawo ikuwerenga liwiro. Sikelo sankaiona ali pamenepo, choncho ndinkawerenga ndine, iwo n'kuchita masamu m'kope.

Tsiku lina mkonowo unapindika, ndipo anawotchererapo chitsulo china kuti ulimbe. Kuyambira pamenepo muvi wa sikelo unkaloza makilo awiri injini isanalire n'komwe. Ndinaziona tsiku lomwelo. Ndili mtsikana ndinkagulitsa nyemba ndi azakhali anga ku City Market, ndipo choyamba kundiphunzitsa chinali kuchotsera kulemera kwa mbale. Koma wosesa angaphunzitse mwini makina? Ndinakhala chete milungu iwiri, ndikutchula manambala amene ndinkadziwa kuti ndi onama.

Lachinayilo kunabwera bambo wina wa ku Libala, woperekera zakudya m'nyumba za ku Kabulonga. Anadandaula kuti njinga yake yafooka. Tinaiyeza, ine n'kutchula makilo naini.

"Injini ili chabe bwino, mudala," anatero ba Mwansa. "Kapena ni mimba yanu yalema. Lekani kulawa vakudya va makasitomala."

Bamboyo anaseka pang'ono, kenaka anayang'ana pansi. "Manje kunchito bakamba ati ndine waulesi."

Ndinamangitsa chitenje chimene ndinaberekera mwana. Ndinkadziwa kuti ndikalankhula, ntchito ikhoza kutha pomwepo. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri.

"Ba Mwansa, zimyani injini mubwele muone."

"Shani, amake Taonga?"

"Sikelo iyambila pa tuu. Mphamvu ni seveni, osati naini."

Anatsika, n'kuyang'ana muvi uja nthawi yaitali. Kenaka anamasula injini, n'kupeza maring'i a pisitoni atadyeka. Anauza bamboyo kuti adzatenge njinga yake Loweruka. Bamboyo atatuluka pageti, ba Mwansa anatembenukira kwa ine.

"Unaona liti?"

"Siku yamene munaochelela nsimbi kumkono wa sikelo."

"Njinga faivi nabweza ati zili bwino, iwe uli zii na muvi wa sikelo pamenso." Anapukuta manja ndi chiguduli. "Yenda kunyumba."

Sananene kuti ndipite lero lokha kapena mpaka kalekale, ndipo ine sindinafunse. M'basi ndinkangoganizira chinthu chimodzi. Sanakwiye chifukwa chowatsutsa, anakwiya chifukwa cha milungu iwiri ija. Kwathu anandilera kuti kukhala chete pamaso pa akulu ndi ulemu. Koma pantchito yoyeza, maso anga ndiwo anali maso awo, ndipo ulemu wangawo unabweza anthu asanu pamsewu ndi injini zodwala.

M'mawa mwake ndinafika iwo asanatsegule. Sanandilonjere, komanso sanandithamangitse. Tsache sindinaligwire. Ndinatenga sikuludilaiva, n'kupotoza kasikulu ka sikelo mpaka muvi unafika pa ziro mkono uli pomwepo. Kenaka ndinapempha kope lija, kuti tiitane eni njinga zisanu zija.

Anandipatsa kope ndi foni yomwe. "Yamba na wa ku Chelstone. Ndiye okalipa maningi."

Ndinapukuta zala pachitenje, ndinapuma kamodzi, n'kuimba foni.