A Ivy Anangopempha Mpando

Uthenga unatipeza Lachitatu masana. Alamu athu a Jailos anaimba foni ali ku chipatala ku Romford, mawu osamveka bwino, kuti achemwali athu a Ivy atisiya.

A Ivy anabadwira ku Ntcheu, kuno ku London anachita kutsatira amuna awo. Sukulu sanapite nayo patali, ngati ife tomwe, koma pakamwa anali napo pabwino. Ntchito anaipeza mu shopu ina yaikulu ku Barking, yokhala pa thilu kulipiritsa ogula. Anthu ankasiya mzere waufupi n'kukaima pa wautali, bola akafike kwa a Ivy. Azigogo achizungu okhala okha ankabwera kudzagula kamkaka kamodzi, chonsecho akufuna macheza. Azimayi aku Zambia ankawaseka kuti, "Amake Atikonda, iyi ni thilu kapena ni tchalitchi?"

Kenaka kunabwera makina oti wogula azidzilipiritsa yekha. Mathilu anawazula, mipando yake n'kupita nawo limodzi. A Ivy anauzidwa kuti ntchito sinathe ayi, yangosintha: aziima pakati pa makinawo kuthandiza amene asokonezeka. Ndiye taganizani, kuswera pa ntchito tsiku ndi tsiku ukuphunzitsa anthu kuti asamakufunenso iweyo.

Vuto linali miyendo. A Ivy anali ndi shuga, ndiye kuima tsiku lonse kuja miyendo inayamba kutupa, nsapato osalowa. Madzulo akatsika basi ankayenda chogwira mipanda ya eni. Zokwezedwa malipiro sanatchule n'komwe. Anapempha mpando basi. Manejala, mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo Atikonda, anati iyeyo alibe mphamvu, masiku ano pempho lililonse limadzera pa apu ya pafoni. Atikonda anawalembera mayi ake. Foni inayankha kuti zikomo, tikuliganizira.

A Jailos anawauza kuti angosiya ntchitoyo. Iwo anakana, akuti lendi ya ku Barking sidziwa za miyendo yotupa. Komanso munthu ukamajombajomba, apu yomweyo inkakuchepetsera mashifiti yokha, popanda munthu woti umudandaulire. Ndiye ankangobisa. Tsiku lina zitawakwana anakhala pa kreti ya zakumwa. Kamera inawaona, anaitanidwa ku ofesi.

"Makina anuwa akadwala, owakonza amabwera tsiku lomwelo," anatero a Ivy. "Ine munthu ndapempha mpando."



Chilonda chinayamba kuphazi, chaching'onong'ono. Ankachimanga, n'kuvala nsapato za amuna awo, ulendo ku ntchito. Mmene ankavomera kupita ku chipatala n'kuti chitalowa kale m'magazi.

Ophunzira amati dziko likupita patsogolo. Kaya, ife sitinaphunzire, sitingatsutse. Koma amene anapanga makina odziwa kusiyanitsa anyezi ndi tomato, analephera bwanji kuganiza kuti woimirira pambali pakeyo ali ndi miyendo?

Tili pa maliro, amayi a mvano ali mkati moimba, foni ya malemu inalira. Atikonda anaitenga n'kuwerenga. Inali apu ija, kuwauza a Ivy kuti pempho lawo likuganiziridwabe. Mwana uja anatuluka panja, ndipo mpaka lero sakudya bwino. Akuti mwina iyeyo ndi amene sanalembe bwino.

Abale, mukamagwada musamuiwale mwana ameneyu ndi bambo ake, a Jailos. Nafenso mutipempherere, chifukwa mtima wokhululuka sitinaupeze.