Tsiku Limene Mayi Wenzulo Sanadikire Mlendo

Dzina lawo lenileni linatsala m'mafayilo a ku ofesi. Ana ankawatchula Mayi Wenzulo, aphunzitsi anzawo anatengera pomwepo, ndipo ngakhale amuna awo, telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo, akafuna kuwaputa ankaitana kuti, "Wenzulo, lumo langa mwaliika kuti?" Mayiwa anali mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, wamfupi, wa mapewa otambalala. Mawu awo okha ankakwanira kuleretsa ndewu kuseri kwa zimbudzi. Wenzulo yolendewera pakhosi ija inali yongowonjezera.

Kamodzi pachaka sukulu zonse za m'chigawo zinkasonkhana m'holo ya pasukulu ya Mayi Wenzulo kudzapikisana pa zisudzo, nyimbo ndi magule, chifukwa holo yokhala ndi siteji ndi katani inali yokhayo. Mpikisanowo unali ndi komiti, ndipo komitiyo inali ndi atcheya, ahedi a sukulu yaikulu ya m'tauni, munthu amene akagwira maikolofoni ankaiwala kuti ili ndi poiika. Mayi Wenzulo analibe mpando wa ulemu. Kwawo kunali kuseri kwa katani, kumene kumanunkha thukuta ndi polishi wa nsapato. Ankandandalika magulu, kubaya mapini pa zovala zokhwepa, kupepesa wolira, kukalipira wosuzumira, ndi kuthamangitsira kuchimbudzi mfumu ya m'sewero imene mantha aigwira m'mimba. Ntchitoyi ankaikonda kwambiri, ndipo sankabisa.

Koma mpikisanowo unali ndi matenda ake. Palibe chimene chinkayamba mlendo wolemekezeka asanafike, ndipo mlendoyo, bwana wina wa ku likulu, ankafika nthawi imene mtima wake wafuna. Akafika, atcheya ankathokoza ahedi a pasukulupo, ahediwo ankathokoza atcheya, ndiyeno aliyense wovala jekete ankaimirira n'kulonjeza kuti salankhula zambiri. Bodza limeneli linkanenedwa pamaso pa ana popanda wochita nalo manyazi. Zolankhula zikatha, sukulu za m'tauni zinkayamba, ati kuti bwana aone zabwino asanatope. Sukulu zakutali zinkaikidwa kumapeto, ndipo kumapeto kwenikweni kunali sukulu ya kutsidya kwa mtsinje.

Ana a kutsidyawo ankabwera pa lole yonyamula njerwa imene magetsi ake anafa kalekale, pamene mlatho wa kwawo unali wamitengo, wosawolokeka mumdima. Dzuwa likangopendeka, dalaivala ankaliza hutala ndipo sankanyengereranso munthu. Chaka ndi chaka anawo ankafika ali fumbi lokhalokha, n'kuvala zovala za sewero, kujambulana ndevu ndi makala, kenaka kudikira. Hutala ikalira ankapita pampopi kukasukusula ndevu zija, n'kukwera lole asanaponde siteji. Mphunzitsi wawo, mnyamata wowonda wofatsa mopitirira, ankapepesa aliyense ngati kuti wolakwa ndi iyeyo.

Chaka china, ana akuvula zovala zimene sanazigwiritse ntchito, mtsikana wina anawakoka Mayi Wenzulo malaya.

"Madamu, kodi pasitejipo pamaterera? Ndimangofuna ndidziwe, mwina chaka chamawa ndidzavule nsapato."

Funsolo linawapweteka mayi aja, ndipo anapita nalo kunyumba. Anakalinena ku komiti, atcheya anagwedeza mutu mwaulemu n'kuti, "Tamva, mayi, tidzaona chaka chamawa." Chaka chamawacho chitafika anayankhanso chimodzimodzi, osasintha ndi liwu lomwe.

Ndiye linafika tsiku lija. Holo inadzaza m'mawa, malata akuthetheka ndi kutentha, ana akudzikupiza ndi makope. Kutsogolo kunali sofa yobwereka ku nyumba ya ahedi, yopanda munthu. Oweruza atatu ankasinza patebulo lawo. Atcheya anali kugeti, foni kukhutu, maso kumsewu. Dzuwa linafika pamutu, mlendo osaoneka.

Mayi Wenzulo analowa kuseri kwa katani n'kupeza ana a kutsidya atakhala pansi, ndevu zayamba kale kuyenderera ndi thukuta. Anamukodola mphunzitsi wawo.

"Achimwene, adzutseni anawa. Mukuyamba ndinu."

"Ife, mayi? Nanga bwana?"

"Bwana galimoto yawo ili ndi magetsi. Fulumirani."

Anakoka okha chingwe cha katani, n'kuliza wenzulo kamodzi. Holo yonse inati zii. Oweruza anadzidzimuka n'kuyamba kuyang'anana.

"Tolani zolembera, akuluakulu," anatero mayi aja atasuzumira. "Mwabwera kudzaona ana, osati sofa."

Sewerolo linali la abale okanganirana njinga ya agogo awo amene angomwalira kumene. Poyamba mawu a ana sankamveka. Koma mnyamata wosewera mwana wamkulu atayamba kulira maliro diso limodzi lili panjinga, kumbuyo kwa holo kunaphulika chiseko, ndipo anawo analimba mtima. Chisekocho n'chimene chinawabweza atcheya kugeti. Anatulukira kuseri kwa katani akupuma mwabefu, tayi ili paphewa.

"Mayi, mwapenga? Tsekani kataniyo!"

"Nditseka, bambo, sewero likatha."

"Wakulamulani ndani?"

"Palibe. Wolamula ndamudikira zaka zonsezi, sanabwere."

Chingwe cha katani anali atachikulunga padzanja, ndipo atcheya anaona kuti kuchilanda kukhala kulimbana ndi mphunzitsi wa masewera pamaso pa ana. Ali m'kati moganiza, kunja kunamveka galimoto. Anasiya zonse n'kuthamangira kukhomo.

Apa ndi pamene aphunzitsi anakolola zimene anadzala okha. Ana onse a m'chigawo chija anaphunzitsidwa kuti mlendo akalowa, usiye chilichonse, uimirire, manja m'mbali. Holo yonse inadzambatuka. Ana a pasiteji nawonso analeka kukangana n'kuima njo. Ngakhale agogo omwalira aja anavundukula nsalu, n'kudzuka pamphasa, n'kuima mwaulemu pambali pa adzukulu awo. Atcheya ankamutsogolera bwana ku sofa, dzanja lina likufunafuna kale maikolofoni. Mayi Wenzulo anadziwa kuti akangoigwira, basi, sewero lafera pomwepo, ndipo chotsatira n'kupita kumpopi.

Sanali munthu wopanda mantha. Koma anatuluka kutsogolo kwa katani, pamalo pamene sanaimepo chiyambire ntchito, n'kuliza wenzulo mwamphamvu.

"Nonse khalani pansi! Agogo inu, munafa, gonani! Bwana, takulandirani, mpando wanu ndi umenewo. Ana awa ali pakati pa sewero, ndipo kwawo n'kutali."

Bwana anawayang'ana mayi aja kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anayang'ana atcheya, amene nkhope yawo inali itagwa. Popeza holo yonse inali itakhala kale pansi, kuimirira yekha kukanamuchititsa manyazi, choncho nayenso anakhala, nkhope ili gwa. Agogo anabwerera pamphasa n'kudzifunditsa bwinobwino, ndipo anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba.

Tisanamizane, sewerolo silinali lopambana. Wina anaiwala mawu, wina anapatsa anthu msana nthawi yonse, tcheni cha njinga chinagwa pamene sichinayenera kugwa. Pa zotsatira anakhala kumunsi ndithu. Koma analimaliza, anagwirana manja n'kuwerama, ndipo anawomberedwa m'manja ngati ana ena onse. Mphunzitsi wawo anabisala kuseri kwa bolodi lakale n'kumalira osadziletsa. Lole inanyamuka dzuwa likadalipo, ana akuimba, ndevu zamakala zili kumaso chifukwa anakana kuzisukusula.

Malipiro ake sanachedwe. Sabata yomweyo komiti inawachotsa Mayi Wenzulo pantchito ya kuseri kwa katani, ati chifukwa chosowa mwambo. Teremu isanathe, ahedi awo anawaitanira mu ofesi n'kutseka chitseko, maso ali patebulo.

"Mayi, zachokera kumwamba, ine ndilibe mawu. Mwasamutsidwa. Akuti popeza ana a kutsidya mumawakonda, mukakhale nawo konko."

"Mukawathokoze," anatero mayi aja, n'kutuluka khosi lili chilili.

Khosi limenelo linawafikitsa pakhomo pokha. Atalowa m'nyumba analira, pakuti pasukulu paja anakalambirapo, ana awo anabadwira pomwepo, ndipo katani ija anasoka ndi amuna awo. Chinkawawawa kwambiri n'chakuti bamboyo ataya makasitomala ake onse chifukwa cha pakamwa pa mkazi wake. Telala anawasiya alire, akupitiriza kusoka batani pa malaya a munthu wina.

"Bambo, ndakulakwirani," anatero pomaliza.

"Mukanatseka katani ija mukanandilakwira," anayankha akudula ulusi ndi mano. "Kutsidyakonso anthu amang'amba mathalauza. Pezani makatoni."

Sukulu ya kutsidya inalibe holo, ndipo kalasi imene anawapatsa inalibe chitseko. M'mawa woyamba anapeza ana atadzaza mpaka m'mawindo, ena a makalasi ena atathawa aphunzitsi awo kudzaona mayi amene anakhazika bwana pansi. Asanalembe n'komwe tsiku pabolodi, mwana wina kumbuyo anakweza dzanja.

"Madamu, chaka chino tichita sewero lanji?"

Mayi Wenzulo anaika choko pansi. Ankadziwa kuti komiti idzawaikanso kumapeto, ndiponso kuti chingwe cha katani chidzakhala m'manja mwa munthu wina. Anayang'ana nkhope zonse zija, imodzi ndi imodzi.

"Lalitali," anatero. "Kankhirani madesiki kukhoma."