Chingwe cha pa Golo

Chingwe chija ndimachikumbukira mpaka fungo lake. Chinali chakuda, cholimba, ndipo ukachigwira m'manja munkatsala mamba a utaka. Ntchito yake yeniyeni inali kukokera chilimira, ukonde waukulu wa boti la anjomba, mlongo wawo wa amayi. Koma mwera ukayamba, maboti atakokeredwa kumtunda, chingwecho chinkapita pabwalo la sukulu kwathu, kufupi ndi Malindi. Magolo athu analibe mitengo yopingasa pamwamba, choncho tinkamangapo chimenechi, chinzake ku golo inayo.

Timu yathu ya mpira anaiyambitsa ndi aphunzitsi, bambo wamfupi wa ku Dedza amene boma linadzamutaya kwathu. Madzi ankawaopa koopsa, koma mpira ankaudziwa. Ataona asodzi akungotha tsiku pa bawo podikira mphepo kuti ileke, anawaponyera mpira wachikopa wazigambazigamba, basi timu yabadwa. Osewera onse anali a m'maboti, ndiye timuyo inkakhalapo pokhapokha nyanja ikakwiya. A midzi ina ankatinyoza kuti ndife Timu ya Mphepo, ife dzinalo tinangolitola n'kukhala lathu.

Anjomba anali goloboyi. Manja awo ozolowera zingwe mpira sunkapulumukamo. Womanga chingwe ndinali ine, mwana wamkazi, chifukwa pokwera mitengo panalibe mnyamata wondiposa, ndipo asabwere wina lero kudzatsutsa.

Chaka chimenecho mwera unakhalitsa. Mchenga unkaluma m'miyendo, milomo inang'aluka, mathandala oyanikapo nsomba ali mbee. Ndiwo zinali chigwada lero, chigwada mawa. Koma ine, eee, chimwemwe chokhachokha! Bwalo linkaonekera pakhomo pathu, ndipo ndikadzuka ndinkathamangira kukasuzumira. Chingwe chikakhalapo, ndiye kuti masana kuli mpira. Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinapeka kanyimbo kopempha mwera kuti usaleke.

"Iwe, pakamwa pakopo!" anatero amayi. Ndinangoti akuluakulu sadziwa kukoma kwa mpira.

Aphunzitsi anapalasa njinga kupita ku boma maulendo osawerengeka mpaka timu ya anthu a m'maofesi inavomera kudzasewera nafe. Anatiuza kuti tikaonetsa mpira wabwino, atilowetsa mu ligi. Anaitananso atcheyamani a chipani kuti adzakhale mlendo wolemekezeka. Masiku amenewo munthu wotere sunkamuitanira chinthu chimene sichichitika, koma zimenezo ndazidziwa nditakula.

Loweruka la masewerolo chinandidzutsa ndi bata. Denga silinkalira, chitseko sichinkagwedera. Nditatuluka ndinapeza nyanja ili phee ngati madzi a m'beseni. Ndinayang'ana kubwalo, mtima unangoti phwa! Mitengo inali chiimire, chingwe palibe. Maboti onse anali atapita mbandakucha, timu yathu yonse ili momwemo.

Lole ya alendo inafika masana. Anatsika anyamata onenepa, ovala jombo zenizeni, ife tinali tisanazionepo pafupi. Anyamata a malaya ofiira anaima panjira kufunsa makadi a chipani kwa aliyense wodzaonerera. Atcheyamani anakhala pampando wa ahedi pansi pa mtengo wa mango. Aphunzitsi ankangozungulira, wezulo ili m'khosi, maso ali kunyanja kumene maboti ankaoneka ngati timadontho. Mlendo wina anagwedeza mtengo wa golo n'kufunsa ngati denga lake linapita ndi mphepo, anzake onse kuseka. Ndinalira poyera, mamina ali chuchuchu. Kenako atcheyamani anadzuka n'kumapita osatsanzika, lole nayo inalizidwa.

Fumbi la loleyo litangotha, maboti anatulukira, olemedwa mpaka madzi kufika m'milomo. Utaka! Amayi a m'mudzi monse anathamangira kugombe ndi madengu, nthungululu zili pakamwa. Ine ndinapita ndi mkwiyo wanga, n'kukaima pamaso pa anjomba.

"Mwatichititsa manyazi, anjomba!"

Anandiyang'ana ndi maso ofiira ndi dzuwa. "Pepani chemwali, nyanja sidikira munthu."

Aphunzitsi nawo anafika. Ndinkayembekeza kuti akalipa mpaka gombe lonse limve. M'malo mwake anavula nsapato, anapinda thalauza, n'kulowa m'madzi omwe ankawaopa aja kukathandiza kukoka boti. Ndinawamva akuuza anjomba kuti, "Mukanabwera kubwalo, ndikanakubwezani ndine."

Teremu isanathe aphunzitsi anasamutsidwira kusukulu ina yakutali kumapiri. Palibe anatiuza chifukwa, palibenso anafunsa. Mpira uja anatisiyira. Timu ya Mphepo inaseweranso zaka zingapo, mwera ukabwera, koma mu ligi sinalowemo. Anyamata atayamba kupita ku Joni, inangozirala ngati moto wopanda wosonkhezera. Ndimaisowa mpaka lero. Ndikaona magolo achitsulo opakidwa penti, ndimaona ngati akusowa fungo.

Koma ndibwerere ku Loweruka lija. Chakudya ndinachinyanyala. Ndinakhala pakhonde nditafufuma, n'kumayang'ana amayi akudya. Ankadya pang'onopang'ono, kuswa timitu ta utaka, kuyamwa minga imodziimodzi, mpaka kunyambita zala. Mumtima ndinkati, munthu angamve bwanji kukoma pa tsiku lamanyazi ngati ili?

Sindinadzifunse kuti mwera wonse uja amayi ankadya nthawi yanji, poti akatipakulira ankangoti, "Idyani, ine ndalawa kale pophika." Sindinkadziwa kuti m'mawa uliwonse, ine ndisanadzuke, iwonso ankaima pakhomo lomwelo kuyang'ana ngati chachoka chingwe chomwecho, chimene ndinachimanga ndekha mfundo zolimba kuti chisamasuke.