Mankhwala Ofiira a Bambo Sandifolo

Bambo Sandifolo anagwira ntchito pansi pa mgodi ku Kwekwe zaka makumi atatu, ndipo chomwe anatulukako nacho ndi chifuwa chosatha ndi liuma. Ndimakhala nawo moyandikana ku Gaika, mpanda wa waya pakati. Ndimawakonda madalawa, koma amatopetsa.

Akazi awo, mayi Aida, atamwalira anasiya thadzi lakuda. Chitopa chinalitenga pamodzi ndi anapiye ake, n'kutsala kamsoti kamodzi. Kankagona m'katoni kukhitchini, kankadya m'manja mwawo, ndipo akaganiza kuti palibe akumva ankakaitana kuti Aida.

Tsiku lina mwana wawo Fortune anabwera ndi nkhuku zisanu ndi imodzi za ku Silobela, zokulirapo, zoleredwa pamodzi. Madala anati kamsoti kapeza anzake, nakaponya m'khola momwemo.

"Sekuru, kasungeni kaye padera, ziziwonana pa waya," ndinawauza agogowo. "Nkhuku sizilandira mlendo choncho."

"Aikona, mwanangu," anayankha. "Ife kukomponi tinkagona khumi chipinda chimodzi, Mnyasa, Msena, Mndebele. Sabata imodzi basi, tonse pachibale."

Sipanathe masiku awiri, kamsoti kanali katakanikizidwira pakona, kakuopa ngakhale kukamwa madzi, pamutu pali kachilonda. Ndinati tsopano amva. Ndinawachenjezanso, n'kunyamula dengu langa la masamba kupita kumsika.

Kumbuyo kuno anatulutsa kabotolo ka mankhwala ofiira aja ankapaka pamabala kuchipatala cha kumgodi. Anakasunga zaka zonsezi pamwamba pa kabati. Anapaka kamsoti mutu wonse mosamala mpaka kufiira ngati phwetekere, kenako anakabwezera m'khola, poti kumgodi munthu akamangidwa bala ankabwerera kwa anzake tsiku lomwelo.

Ndikanakhalapo ndikanakuwa. Aliyense woweta nkhuku amadziwa kuti zikaona chofiira zimajompha osaleka. Koma iwo ankadziwa za miyala ndi za amuna apansi pa mgodi. Nkhuku pakhomopo zinali za mayi Aida.

Nditabwerako masana ndinawapeza atakhala pa njerwa, kamsoti kali pamiyendo kozizira kale, zala zawo zofiira, kabotolo kali pambali. Nkhuku za ku Silobela zija zinkangopalasa ngati palibe chachitika. Ndinafuna kukalipa, koma mphamvu zinandithera. Ndinatula dengu n'kukhala nawo pansi, ndili ndi chisoni chosaneneka.

"Ndinakapaka mankhwala," anatero osandiyang'ana. "Ndinachita zonse bwinobwino."

Anatsokomola, natola kabotolo kaja, n'kukayang'ana padzuwa.

"Kodi mwina anatha mphamvu?" anandifunsa.

Ndinayang'ana zala zawo zija.

"Inde, sekuru," ndinatero. "Anali akalekale."