Tsiku Limene Amake Jonas Anaimitsa Maminibasi

Zaka zimenezo, m'dera lathu lonse ku Nkomeshya munali motoka imodzi yokha, vaneti yobiriwira ya ba Yotam. Anthu ankati ndi motoka ya ba Yotam, koma oiyendetsa anali awiri. Ba Yotam ankagwira chiwongolero. Zotsala zonse zinali za akazi awo, ba Tisauke, amene ife tinkawatchula kuti amake Jonas.

Vanetiyo sinkalira ndi kiyi, inkafuna kukankha, ndipo wokankha anali iwo. M'mawa ankatunga zigubu ziwiri, cha pakhomo ndi cha injini, poti injiniyo inkatentha msanga. Motoka ikafooka pachitunda ankadumpha ndi mwala n'kutchinga tayala. Nthawi ya dzinja ankayamba iwo kuwoloka mtsinje, chitenje atakwinya, kuti amuna awo aone pamene madzi alekeza. Wodwala akasanza kumbuyo, kapena tikanyamula maliro, madzulo ake mumawapeza akukwecha ndi tsache ndi phulusa. Othokoza ankabwera ndi nkhuku kwa ba Yotam. Sindikumbuka wina atanena zikomo kwa amake Jonas, ndipo inenso kufikira chaka cha 1996 ndinali ndisananene.

Amake Jonas sanali akuno. Anabadwira ku Nyimba, m'mphepete mwa msewu wa tala, ndipo anakula akugulitsa nthochi kwa oyendetsa malole. N'kumene anaphunzira kuti msewu uli ndi chinenero chake. Ankatiuza tikamapalira kuti lole ikathwanimitsa nyali ya kumanja ikuti usandipitirire, kutsogolo kukubwera china, ikathwanimitsa ya kumanzere ikuti dutsa. Ife tinkangoseka. Zinalibe ntchito kwa ife, anthu a njinga ndi ngolo.

Ba Yotam anaphunzira kuyendetsa pa thirakitala ya pa famu, ndipo ankayendetsa monga munthu amayendera pamudzi pa apongozi ake. Akaona munthu wapansi ankachepetsa liwiro kuti asamuthire fumbi. Ankakweza dzanja kwa aliyense. Akakumana ndi ngolo pamalo opapatiza ankaima n'kudikira, mwini ngoloyo nayenso n'kuima, mpaka wina akodole mnzake kuti yambani ndinu. Malire awo anali pa boma ku Chongwe. Wofuna ku Lusaka ankamutsitsa pamsika kuti akwere minibasi. Ankati m'tauni amayendetsa anthu opanda amawo.

Mwezi wa Okutobala chaka cha 1996 chija mwana wanga Luyando anayamba kumva zowawa za uchembere Lolemba masana. Inali mimba yoyamba, ndipo mwamuna wake anali kutali ku ntchito. Tinagona pa kachipatala kathu. Kutacha Lachiwiri, nesi, mayi Regina, ananditengera kuseri kwa chitseko.

"Amake Luyando, mwana wapingasa. Pano siningachite kanthu. Afunika mpeni, ku chipatala chachikulu ku Lusaka."

"Nanga ambulansi?"

"Inapita kwina dzulo, siinabwere. Funani motoka manje manje. Mukafika masana muzapeza mulibe wamoyo wopereka kwa madokotala."

Ndinathamanga kwa ba Yotam opanda nsapato. Atamva dzina la Lusaka anakhala pansi pa chigubu.

"Nizakufikitsani pa boma," anatero. "Paja pali maminibasi."

"Imwe atate ake Jonas," anayankha akazi awo, ali kale mkati mothira madzi mu injini, "munthu ali na mwana pakhomo, azankhala bwanji pa mpando wa minibasi? Nyamukani."

Tinayala matiresi kumbuyo n'kumugoneka Luyando, mutu wake pamiyendo panga. Amake Jonas anakankha motoka mpaka inalira, anathamanga n'kukwera kutsogolo ikuyenda. Galasi la kumbuyo kwa mipando linasweka kale, choncho zonse zimene ankalankhula ndinkazimva.

Tisanafike pa tala tinapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa mumsewu. Panali maliro pakhomo lina. Mwambo wake ndi wodziwika: wanjinga amatsika, wamotoka amayenda ngati wapansi. Ba Yotam anavula chisoti n'kuchiika pabondo, motoka n'kuyamba kukwawa. Kulira kwa azimayi kunatipeza bwinobwino. Luyando anatsegula maso n'kufunsa kuti amwalira ndani. Ndinamutseka makutu ndi manja anga onse awiri. Mtima unkafuna kukuwa kuti thamangani, koma pakamwa panakana, chifukwa inenso ndinakulira mwambo womwewo. Tinadutsa nyumba zisanu motero, amuna a pa maliro akutiyang'ana, ena akuvula zisoti poganiza kuti nafenso tanyamula mtembo.

Pa tala zinthu zinasintha. Mabasi ochokera kum'mawa ankatipitirira ndi mphepo yogwedeza vaneti yonse. Kenaka tinatsekeredwa kumbuyo kwa lole ya chimanga imene inkakwera chitunda ikutulutsa utsi wakuda. Ba Yotam anangoitsatira. Luyando ankandifinya dzanja, akuluma chitenje.

"Yathwanima kumanzere," anatero amake Jonas. "Akupatsani njira. Dutsani."

"Sinikuona kutsogolo."

"Iye aona, ali pamwamba. Dutsani, atate ake Jonas!"

"Nanga ngati anama?"

"Pa msewu uyu sibanama pa ichi. Pondani!"

Anatuluka kumanja. Tinayenda m'mbali mwa loleyo nthawi yaitali kwambiri, matayala ake aatali ngati ine akuzungulira pafupi ndi mutu wa mwana wanga. Titabwerera kumanzere, basi yaikulu inadutsa pamene tinali. Ba Yotam anakweza dzanja kuthokoza woyendetsa lole.

Tinalowa mu Lusaka nthawi imene anthu amapita ku ntchito. Zaka zimenezo maminibasi anali atachuluka ngati ngumbi. Ankaima paliponse, ankanyamuka osayang'ana, ankalowetsa mphuno pa mpata woti mbuzi singadutse. Ba Yotam akasiya mpata kutsogolo kwawo monga anazolowera, minibasi inkalowapo, iwo n'kuponda buleki n'kusiyanso mpata, ina n'kulowapo. Tinkayenda ngati tikubwerera m'mbuyo.

Kenaka tinafika pa laundabauti, pamene misewu inayi imakumana ndipo motoka zimazungulira kachilumba ka udzu. Ba Yotam anaima pakhomo pake. Anatulutsa dzanja pawindo, chikhatho m'mwamba, monga munthu wonena odi, n'kuyamba kudikira kuti wina awakodole. Palibe anawayang'ana. Motoka zinkangozungulira, mphuno pa mchira wa inzake. Kumbuyo kwathu mahutala anayamba kulira, wina, kenaka onse.

"Apa sibapatsana," anatero amake Jonas. "Lowetsani mphuno, bazaima okha."

"Bazatigunda."

"Baopa kuphwanya motoka zawo kupambana imwe. Lowani!"

Ba Yotam anayesa. Phazi linachoka msanga pa kilachi, vaneti inadumpha kamodzi n'kuzima, theka lake lili kale m'njira ya ozungulira.

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti Luyando wasiya kubuula. Chitenje changa chinali chonyowa ndi chofunda. Nditayang'ana ndinaona magazi atadutsa matiresi, akutsata mizere ya chitsulo kulowera kuchitseko cha kumbuyo. Milomo yake inali yotuwa. Ndinamuitana dzina katatu, iye n'kungogwedeza zikope. Ndinayamba Tikuoneni Maria koma mawu ake anandithawa pakati.

Motoka zinkatizemba mbali zonse. Wina anamenya chitseko chathu ndi chikhatho podutsa.

"Mudala, iyi si munda! Kagulitseni chigayo ichi!"

Ba Yotam anali atagwira chiwongolero ndi manja awiri, akuyang'ana kutsogolo, osaphethira. Ndinawaona khosi likutuluka thukuta. Kuti motoka ilire inafunika kukankhidwa, ndipo kutsogolo kunalibe ngakhale phazi limodzi la msewu wopanda kanthu.

Amake Jonas anatsika. Sanapite kumbuyo kokakankha. Anamasula chitenje chapamwamba, anachigwira m'mwamba ndi manja awiri, n'kulowa pakati pa motoka zozungulira. Minibasi yoyera inali ikubwera. Ndinamva matayala akulira. Inaima mphuno yake itawakhudza pamimba, iwo n'kugwira galasi ndi dzanja kuti asagwe. Za kumbuyo kwake nazo zinaima, ina pambuyo pa inzake, mahutala akulira.

Woyendetsa anatulutsa mutu. Anali bambo wonenepa, wa chipewa chofiira.

"Imwe amai! Ngati mufuna kufa, kafereni kumunzi kwanu! Mufuna kunipatsa mulandu kuseni-seni, m'mawa muno?"

"Seluka m'motokamo, mwana wanga," anatero amake Jonas. "Bwera uone chamene nanyamula. Ukaona, unigunde."

"Nilibe nthawi ine!"

"Na ine nilibe. Seluka."

Amake Jonas sanasunthe. Bamboyo anatukwana, anatsika akupukusa mikono, n'kubwera kudzasuzumira kumbuyo kwa vaneti. Anaona Luyando, anaona magazi amene tsopano ankadontha pa tala. Anatembenukira kwa anthu a m'basi yake.

"Amuna onse pansi! Tiyeni, tiyeni, tikankhe! Imwe ba tayi, na imwe, ofesi siizathawa!"

Anatsika amuna asanu, wina atavala jekete ndi nsapato zonyezimira. Anatikankha mozungulira kachilumbako, injini inatsokomola kawiri n'kulira, amake Jonas n'kukweranso kutsogolo. Woyendetsa minibasi uja anathamanga m'mbali mwa windo la ba Yotam.

"Mudala, mverani. Nizapita kutsogolo. Munikonkhe pafupi, mphuno yanu pa matako yanga. Mukasiya mpata olo ung'ono, bazalowapo, ninshi mwasowa. Osaima pa loboti, osapatsa moni munthu. Mwamvera?"

"Nizakugundani," anatero ba Yotam.

"Gundani! Ni ya bwana, si yanga!"

Ulendo umene unatsatira sindiufuna kachiwiri. Minibasi inayatsa nyali zonse, hutala osalekeza, kondakitala atatulutsa thupi pakhomo akukupiza malaya. Inkakwera m'mbali mwa msewu, inkalowa njira ya motoka zobwera, inadutsa loboti yofiira anthu apansi akubalalika. Ife tinali pambuyo pake, pafupi moti ndikanatha kuwerenga zilembo za pa galasi lake. Ndinagona pa Luyando kuti asagubuduke. Kutsogolo ndinkangomva mawu a amake Jonas, osakweza, ngati munthu wolondolera ng'ombe pa goli.

"Pafupi. Pafupi futi. Osayang'ana uyo. Buleki. Pondani. Pafupi."

Kawiri konse tinaigunda minibasi kumbuyo. Siinaime, nafenso sitinaime.

Pa chipatala anesi anabwera ndi bedi la matayala n'kumutenga Luyando, dzanja lake likulendewera. Chitseko chinatsekedwa. Nditacheuka, minibasi inali ikutuluka kale pageti, anthu ake akukangana za kuchedwa. Dzina la bambo uja sitinalidziwe. Ba Yotam anazimitsa motoka pansi pa mtengo, anatsika, n'kukhala pansi penipeni, msana atatsamira tayala.

Ine ndi amake Jonas tinakhala pa benchi m'khonde. Panadutsa ola, kenaka lina. Chitseko chikatseguka ndinkaimirira, n'kupeza ndi wokolopa kapena wonyamula mabotolo. Bedi lina linatuluka munthu atafunditsidwa mpaka kumutu, ndipo ndinalitsatira ndi maso kufikira nditaona kuti mapazi ake ndi a mwamuna.

Ndikuyang'ana pansi choncho ndinaona timadontho ta magazi tochokera kukhomo mpaka pa benchi yathu. Ndinkayesa ndi a Luyando. Koma tinkathera pa phazi la amake Jonas. Patapata wawo anali ataduka, zala ziwiri zitaphwanyika, phazi lonse litatupa ngati chinangwa.

"Mayo! Ichi n'chiyani?"

"Tayala ya uja wa chipewa," anatero. "Siinaime pamene anafuna."

"Ndipo simunakambe?"

"Nikanakamba, atate ake Jonas akanayang'ana phazi m'malo mwa msewu." Anakoka chitenje n'kuliphimba. "Tiyambe tamva za mwana."

Anakana kupita kokamangitsa phazilo mpaka titamva za Luyando. Zala ziwirizo madokotala anazidula madzulo ake, ndipo kuyambira pamenepo amake Jonas amayenda motsimphina.

Dzuwa litapendeka nesi wamkulu anatuluka, akuvula chophimba pakamwa.

"Amake Luyando ni ndani?"

Ndinaimirira. Amake Jonas anandigwira chitenje kumbuyo kuti ndisagwe.

"Mwana wakhanda sanapume, anali atatopa kale. Pepani. Koma amake tawapulumutsa. Tawaika magazi. Mungalowe, munthu mmodzi chabe, osakhalitsa."

Ndinalowa. Anali pa bedi la kumapeto, wamng'ono ngati mmene analili ali ku sukulu, chubu chili pamkono. Ndinaika dzanja langa pafupi ndi mphuno yake kuti ndimve mpweya, ndipo unalipo. Patapita nthawi anatsegula maso, anayang'ana denga, kenaka ine.

"Amai, tafika?"

"Tafika, mwanangu," ndinatero. "Gona."